Mayina Asanu ndi Awiri a pa Khomo Lobisika

"Baba, kodi agogo anu aja anathawa chiyani?"

Anotida anafunsa funsoli ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhonde. Anafunsa m'Chishona, monga amachitira ana onse a ku Eiffel Flats, tauni ya migodi ya pafupi ndi Kadoma, masiku ano, ndipo wofunsidwayo anali bambo ake, Clement. Chimene banja lonse linkadziwa n'chakuti agogowo, amene anthu ankawatchula Foloko, dzina lopatsidwa ndi azungu a pamgodi, anachoka m'mawa wina mu 1961 kupita kuntchito ndipo sanabwererenso. M'buku la pamgodi munalembedwa kuti anathawa ntchito. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha: akuti anabwerera ku Nyasalande kwa mkazi wina, n'kusiya kuno mkazi wapakati ndi kamwana kakakazi ka zaka ziwiri. Dzina lawo lenileni, mfunda wawo ndi mudzi wawo zinapita nawo limodzi, pakuti mkazi uja anamwalira ana ake akadali aang'ono.

"Ndidzakuuza, mwanangu," anatero Clement. Koma analibe choti adzamuuze.

Masana Clement ankakonza mafoni pa kashedi pafupi ndi pokwerera maminibasi otchedwa makombi ku Kadoma, madzulo n'kumapita kusukulu yausiku kukaphunzira makompyuta. Atamaliza, anakonzera gulu lawo lothandizana pa maliro webusayiti yoti zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi zizilembapo mayina a makolo otayika, mwina wina n'kuzindikira wina. Webusayitiyo inali ngati nyumba ya zipinda ziwiri zotalikirana. Masamba amene anthu amawerenga ankasungidwa ndi kampani ina kunja kwa dziko. Koma bokosi la mauthenga ndi mndandanda wa mayina Clement sanafune kuzipereka m'manja mwa alendo. Anaziika pa kompyuta yakale imene inkakhala ku Pfupajena, ku Chegutu, m'nyumba ya azakhali ake a Dyness, omwe aja anasiyidwa ali ndi zaka ziwiri. Kumeneko kunali sola yosazima ndi intaneti imene anawaikira mwana wawo wa ku Joni.

Miyezi inadutsa, koma olemba anali ochepa. Ambiri analibe zitupa, ndipo ankaopa kuti akangolemba kuti agogo awo anali obwera, wina adzawalondola mpaka pakhomo. Choncho Clement anatsegula khomo lachiwiri: adiresi ya pa Tor, njira ija imene munthu amadutsamo osadziwika kumene wachokera. Ntchitoyo inamuvuta chifukwa cha zipinda ziwiri zija. Munthu wolowera khomo lobisika akanati azitenga masamba ku kampani ya kunja, ndiye kuti mwendo umodzi ukanakhala poyera. Atalingalira, anakopera masamba onse n'kuwaika pa kompyuta ya ku Chegutu, kuti wolowera kumeneko apeze zonse pamalo amodzi, asadutse kwina kulikonse.

Adiresiyo inali yaitali ngati njanji, zilembo zosawerengeka zothera ndi .onion. Anailemba pa timapepala n'kugawa pamsonkhano wa gulu la maliro, ndipo anaika pulogalamu yake m'foni ya aliyense amene anafuna.

"Wolowera pamenepa palibe angamudziwe," anawalonjeza. "Ngakhale ine amene."

Kwa milungu itatu palibe analowa. Kenako usiku wa Lolemba, patadutsa mphindi khumi 2 koloko itakwana, foni ya Clement inanjenjemera pansi pa pilo. Kompyuta ya ku Chegutu inkamudziwitsa kuti m'bokosi mwagwa uthenga. Anadziphimba ndi bulangete kuti kuwala kusadzutse mkazi wake Rutendo, n'kuyamba kuwerenga.

"Anali asanu ndi awiri, mu shafuti ya nambala 4 ya mgodi waung'ono uja unatsekedwa. Ndinalemba m'buku kuti anathawa. Sanathawe. Denga linawagwera, bwana analamula kuti pamalopo pamangidwe khoma. Ndizitchula mmodzi usiku uliwonse, pakuti zala zanga sizifulumira. Woyamba: Machesi. Dzina lake Nowa Kwenda, wa ku Dowa. Kapitao wawo Foloko ndidzamutchula pomaliza, chifukwa ndi amene ndimamuopa kwambiri."

Clement anawerenga katatu. Kunja kunali zii, kupatula chigayo cha miyala ya golide chimene chinkagunda kutali, ndi galu mmodzi amene ankauwa mosatsimikiza. Anawerengera pa zala. Lolemba ndi loyamba. Dzina la agogo ake lidzabwera usiku wa Lamulungu.

Usiku wotsatira, nthawi yomweyo, uthenga unabweranso: Ketulo, dzina lake lenileni, mudzi wake wa ku Ntcheu. Pansi pake panali mawu a Chilapalapa, chinenero chakale cha m'migodi chimene Clement ankangochimva kwa okalamba akaledzera: "Ayikona baleka. Yena file lapa mgodi." Sanathawe, anafera mumgodi.

Pamenepo Clement anachita chinthu chimene analonjeza kuti sadzachita. Anatsegula kaundula wa kompyuta ya ku Chegutu, momwe mumalembeka nambala ya kumene uthenga uliwonse wachokera. Sankayembekeza kupeza dzina la munthu, ankangofuna kachizindikiro. Pa mauthenga onse awiri panalembedwa 127.0.0.1. Nambala imeneyi anailoweza pamtima kusukulu yausiku, inabweranso pamayeso. Tanthauzo lake ndi limodzi: kompyuta ino yomwe. Uthengawo sunachokere kunja. Unachokera m'nyumba ya azakhali ake.

Kutangocha anaimbira foni azakhaliwo, amene ankawaitana m'Chishona kuti Tete.

"Tete, ndani amalowa m'chipinda cha kompyuta usiku?"

"Alowemo ndani? Kiyi ndimagona naye m'khosi. Chavuta n'chiyani?"

Akanakhala wochenjera akanati palibe. Koma anali asanagone, ndipo anawauza zonse. Pafoni pankamveka tambala wa ku Pfupajena.

"Clement," anatero a Dyness motsitsa mawu, "waiwala kuti bambo ako Danieli anatsirizikira m'chipinda chimenecho? Munthu amene anafa akufunsabe za bambo wake amene sanamuonepo?"

Pofika Lachitatu madzulo nkhani inali itadzaza mzere wonse wa nyumba. Ena ankati makina a kwa a Dyness amalemba okha, mabatani akutsika popanda chala. Mayi wina wogulitsa tomato ankalumbira kuti anaona kuwala kobiriwira kukutuluka pansi pa chitseko, ndipo ana anasiya kudutsa kuseri kwa nyumbayo popita kumjigo. Clement anali ataika mayina awiri oyamba pa masamba apoyera, ndipo tsiku lomwelo mayi wina wa pa famu ku Selous anamuimbira akulira, akuti Nowa Kwenda anali bambo a mayi ake, ndipo banja lawo lakhala likumutukwana zaka makumi asanu ndi limodzi. Izi zitamveka ku Pfupajena, mantha anangokula. Kukanakhala kusewera kwa achinyamata, mayinawo akanakhala abodza.

Dzina lachitatu linabwera pa nthawi yake. M'mawa wa Lachinayi a Dyness anaimba okha.

"Ndaitana mneneri wa kutchalitchi kwathu. Abwera Loweruka. Akuti chinthuchi chitulutsidwe panja, chithiridwe madzi opemphereredwa, chiphwanyidwe."

"Tete, chonde! Mukachizimitsa khomo lija litsekeka. Adiresi imeneyo imakhala m'kompyuta momwemo, kwina kulibe. Dzina la bambo anu likubwera Lamulungu."

"Ine ndigone ndi akufa m'nyumba chifukwa cha dzina? Bwera udzagone nacho wekha, uone ngati ulankhulabe choncho."

Anakwera kombi ya madzulo. Chipindacho chinali chaching'ono, cha zenera limodzi lotchingidwa ndi katoni. Munali bedi lachitsulo lopanda matiresi, matumba a chimanga, ndi kompyuta ija patebulo, itafunditsidwa nsalu yoyera ngati mtembo wa mwana. Clement anavundukula nsaluyo, n'kukhala pampando moyang'ana sikirini, manja atawapinda kuti asakhudze kanthu. A Dyness anakana kulowa. Anayala mphasa pakhomo, Baibulo lili pachifuwa.

Usiku wa ku Pfupajena umazima pang'onopang'ono. Poyamba inaleka nyimbo ya kumalo omwera mowa, kenako mawu a anthu obwerera kwawo, kenako malole a pamsewu wa ku Harare anayamba kudutsa motalikirana, lililonse likusiya chete wokulirapo. Magetsi a m'tauni anali atazima kuyambira masana, ndipo mdima unali wokhuthala moti m'chipindamo munkangooneka kanyale kobiriwira ka kompyuta, kakuphethira ngati diso la mphaka. Clement ankamva mbewa m'matumba a chimanga. Ankamvanso kupuma kwa azakhali ake, kumene sikunali kupuma kwa munthu wogona.

2 koloko inakwana. Mphindi zisanu. Zisanu ndi zitatu.

Kenako kafani ka m'kompyuta kanayamba kuzungulira mwamphamvu, fuuu, ngati munthu wotulutsa mpweya umene anaugwira nthawi yaitali. M'kati mwa bokosilo munamveka kugogoda kwapansipansi: go, go, go. Kunaleka. Go, go, go. Clement ankadziwa kuti ndi mmene imalirira disiki yakale ikamalemba, anali atakonzapo zambiri zotero, komabe tsitsi linamuimirira. Mabatani sanasunthe. Pasikirini panatuluka mzere watsopano.

"Wachinayi: Sipuni," anawerenga monong'ona. Dzina, mudzi. Ndipo pansi pake: "Khoma litamangidwa ankagogoda. Anagogoda masiku awiri. Tonse tinkamva."

"Yesu wanga," ananong'ona a Dyness pakhomo. "Wamva? Wamva kugogodako?"

"Ndi makina chabe, Tete."

"Ndiye ukunjenjemera chifukwa chiyani?"

Anakhala onse awiri pamphasa mpaka kunja kunayera.

M'mawa Clement anaimbira a Irene, aphunzitsi ake a kusukulu yausiku, mayi wosachedwa kupsa mtima koma wodziwa ntchito yake. Anawafotokozera za nambala ija. A Irene anamvetsera, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Clement, satifiketi ija ubweze. Khomo lobisikalo unaliika pa kompyuta iti?"

"Ya ku Chegutu, madamu."

"Eya. Mlendo akadutsa njira ya Tor, amene amamulandira ndi pulogalamu imene ili m'kompyuta momwemo. Pulogalamuyo ndi imene imapereka uthenga ku bokosi lako. Bokosi likafunsa kuti wachokera kuti, limaona kuti wachokera m'nyumba momwemo. Aliyense wolowera khomo limenelo azioneka choncho, kaya ali ku Kadoma kaya ku China. Kubisako ndi kumeneko! Unkafuna aoneke bwanji?"

"Nanga bwanji 2 koloko usiku?"

"Iwe data yotchipa umaigula ya nthawi yanji? Wolembayo ndi munthu wamoyo, wosauka, wosowa tulo. Pita ukasambe."

Manyazi anamugwira, koma mtima unatsika. Anawafotokozera azakhali ake mofatsa, akujambula zipinda ndi makomo papepala. A Dyness anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana chitseko cha chipinda chija.

"Za makomo akozo sindikuzimva. Ine ndamva kugogoda." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma ndi bambo anga. Mneneri ndimuuza abwere Lolemba. Kukangocha Lolemba, chinthuchi chituluke."

Mu kombi yobwerera ku Kadoma, Clement anawerenganso uthenga woyamba. "Ndinalemba m'buku." Pamgodi wolemba m'buku anali mabalane, kalaliki wa pakomponi. Ndipo mwa amabalane onse a nthawi imeneyo, wamoyo anatsala mmodzi: a Sekuru Stefano, ndiye kuti agogo Stefano m'Chishona, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu, okhala mizere itatu kuchokera kwa Clement. Anakumbuka tsopano kuti pamsonkhano paja mkuluyu anatsalira anthu atabalalika, n'kumupempha kuti amuonetse kawiri pokanikiza.

Dzina lachisanu linabwera usiku wa Lachisanu. Loweruka masana Clement anagula buledi n'kupita kukawaona. Anawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango, atafunda jekete ngakhale kunkatentha, foni yakale ya batire lochotseka ili pamwendo. Mwana wawo, mayi Sabina, anabweretsa tiyi n'kubwerera m'nyumba.

"Mdzukulu wa Foloko," anatero mkuluyo osamuyang'ana kumaso. "Ana ali bwanji?"

"Ali bwino, Sekuru. Kaya inu?"

"Ine ndatsala mafupa." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ndamva kuti makina ako akuopseza anthu ku Chegutu."

"Ndi mphekesera chabe."

"Khomo lako lija silidontha?"

"Silidontha, Sekuru."

"Amene amalowapo sumudziwa?"

Funso limene Clement anabwera nalo linali pamlomo. Akanangoti, Sekuru, agogo anga dzina lawo ndani? Mawu ochepa, nkhani n'kutha. Koma anaona mmene mkuluyo ankapewera kumuyang'ana kumaso, ndipo anazindikira kuti munthuyu wakwanitsa kulankhula chifukwa chokhulupirira kuti palibe akumuona. Akamuvula chophimbacho, mwina sadzalembanso. Ndiponso lonjezo linali lake.

"Sindimudziwa," anatero.

"Chabwino," anatero a Stefano, n'kutseka maso. "Ndi khomo labwino. Likanakhalapo kale."

Usiku umenewo uthenga unachedwa ndi mphindi makumi awiri, ndipo unali waufupi, zilembo zina zitadumphidwa. Dzina lachisanu ndi chimodzi, mudzi wake, basi. Clement anagona akudziuza kuti kwatsala usiku umodzi.

Anadzutsidwa ndi kulira kwa amayi, dzuwa lisanatuluke. Rutendo anali ataima pazenera.

"Ndi kwa a Sabina," anatero. "Sekuru Stefano atisiya."

Clement anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Rutendo anamugwira phewa osamvetsa chifukwa chimene mwamuna wake ankalirira chonchi munthu wosakhala m'bale wake. Dzulo lomweli anakhala naye maso ndi maso, dzina lili m'kamwa mwa mkuluyo, iye n'kusankha ulemu.

Monga wa gulu la maliro, tsiku lonse anathamanga ndi za bokosi, nkhuni ndi tenti. Madzulo thupi linagonekedwa m'nyumba, amayi atalizungulira ndi nyimbo, abambo ali panja pamoto. Katundu yense wa malemu, jekete, magalasi, chipewa ndi foni, mayi Sabina anali atamutsekera m'thiranki yachitsulo m'mawa momwemo, pakuti katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku logawa. Clement anaona ndi maso ake akuchotsa batire m'foniyo kuti isalire pamaliro.

Usiku unakula. Nyimbo za m'nyumba zinayamba kufooka, mawu amodzi amodzi akugwa m'tulo, mpaka anatsala mayi mmodzi wokalamba akung'ung'udza yekha. Abambo ambiri anali atawerama m'majekete awo. Moto unatsala makala. Chigayo cha golide chija, chimene sichinkapuma ngakhale pa Khirisimasi, usiku umenewo chinali chete, ndipo Clement ankamva ngakhale kuthetheka kwa khala lililonse. Sanafune kuyang'ana nthawi. Ankadziwa kuti ku Chegutu azakhali ake ali maso pamphasa paja, kudikira dzina limene silibwera.

Foni inanjenjemera m'thumba mwake.

Sanaitulutse msanga. Inanjenjemeranso, tsopano ikuitana. Anali a Dyness, akunong'ona mothamanga.

"Clement, chayambanso. Chikugogoda. Sichikuleka, Clement, leroli sichikuleka."

Anayang'ana pasikirini. Mphindi khumi 2 koloko itakwana. M'bokosi munali uthenga. Anachoka pamoto n'kukaima kuseri kwa tenti, n'kutsegula.

"Ine ndine Chalo Mbewe, wa m'mudzi wa Kanyenda, ku Dedza. Kuno ankanditchula Foloko. Mabalane wafika, wandiuza kuti mumafunsa. Sindinathawe. Muuzeni Dayinesi kuti nsapato zake ndinagula, ndinasungitsa kusitolo ya pakomponi kuti ndidzazitenge pobwerera."

"Clement? Uli pomwepo? Chalemba chiyani?"

Anawawerengera. Atafika pa nsapato, kumbali inayo kunamveka phokoso ngati la munthu wogwa ndi mawondo.

"Amayi ankandiuza," anatero a Dyness. "Ankati, bambo ako anakulonjeza nsapato, m'malo mwake n'kuthawa. Sindinauzepo munthu. Ngakhale bambo ako Danieli sindinamuuze."

Clement analowa m'nyumba ya maliro, chinthu chimene mwamuna sachita usiku, akudumpha miyendo ya amayi ogona. Anagwada pafupi ndi mayi Sabina.

"Amayi, pepani. Foni ya Sekuru ili kuti?"

"M'thiranki. Wapenga kodi? Tuluka, anthu akuona."

"Chonde, ingotsegulani ndione. Sindikhudza."

Mwina anaona nkhope yake, chifukwa sanafunsenso. Anamasula kiyi pa chitenje, n'kukoka thiranki pansi pa bedi, pafupi ndi pamene panagona thupi. Chivundikiro chinalira potseguka. Foni inali pamwamba pa jekete, chagada, yakuda. Batire lake linali pambali, litakulungidwa m'kampango. Clement anayang'ana nkhope ya a Stefano pa kuwala kwa kandulo. Nsagwada zinali zomangidwa ndi nsalu, manja atapingasa pachifuwa, ndipo nkhopeyo inali yosalala ngati ya munthu amene watula katundu.

Kutacha anaimbira a Irene. Ulendo uno sanaseke.

"Aliyense amene ali ndi adiresi ija angalembe chilichonse," anatero. "Mwina mkuluyo anadziwa kuti safika, n'kutuma wina. Mabalane amadziwa zambiri, ngakhale za kusitolo."

"Anatuma ndani, madamu? Ndipo n'kulemberanji ngati kuti ndi agogo anga?"

"Sindikudziwa. Ndipo sudzadziwa, Clement. Khomolo unalimanga wekha kuti lisanene."

Mneneri anafika ku Pfupajena Lolemba m'mawa ndi ndodo yake ndi chigubu cha madzi. A Dyness anamulandira pakhonde, anamuphikira tiyi, n'kumuuza kuti abwerere. Akuti a Dyness anapukuta fumbi pa kompyuta ija, nsalu yoyera n'kuipinda, ndipo kuyambira tsiku limenelo chitseko cha chipindacho sachikhomanso. Khomo lobisika lidakalipo. Anthu amalowa masana ndi madzulo, kulemba za makolo awo. Koma pa nthawi ijayi, mphindi khumi 2 koloko itakwana, sipanabwerenso kanthu, ngakhale Clement amadzidzimukabe nthawi yomweyo popanda womudzutsa.

Atabwera koika maliro a Sekuru Stefano, Clement anatenga Anotida padzanja n'kuyenda naye kudutsa komponi yakale, kudutsa maenje a okumba golide, mpaka pa chitunda cha miyala yoyera chimene pamwamba pake panali simenti yong'ambika ndi zitsulo zadzimbiri. Pakhoma lina lakugwa nambala 4 inkaonekabe pang'ono. Mwanayo anamukoka dzanja.

"Baba, kuno amatiletsa. Tabwera kudzatani?"

Clement anavula chipewa, n'kunjuta kuti maso awo alingane. Analankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti mwanayo amve liwu lililonse.

"Unandifunsa kuti agogo anga anathawa chiyani. Sanathawe kanthu, mwanangu. Dzina lawo ndi a Chalo Mbewe, a ku Dedza, ndipo iwe ndiwe Nambewe. Anapita kuntchito m'mawa, ali ndi maganizo obwerera madzulo ndi nsapato za mwana wawo. Zaka zonsezi akhala ali pompano, pansi pa mapazi athu."